PilotEdge ndaiyesa miyezi itatu, nkhani ya altitude ndi sipidi inandichititsa manyazi kawiri

Ndiyambe ndi kunena kuti ine si pailoti wa ndege yeniyeni, olo laisensi yoyambirira ya pailoti ija, PPL, ndilibe, ndangokhala mmodzi mwa anthu aja amene ndege ikamatsika kulowera ku Lumbadzi timasiya zonse n'kumayang'ana kumwamba ngati ana. Zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuulutsa ndege pa kompyuta, X-Plane, ka joyisitiki kanga kogula kwa munthu ndi mahedifoni a maiki, uku ndikusunga tindalama kuti tsiku lina ndikaphunzire zenizeni ku Joni. Ndiye anzanga amene timapanga nawo zimenezi akhala akundifunsa kuti aise PilotEdge ukulipira madolayi ndi yaphindu kapena ukungowotcha ndalama, bwanji osangokhala pa VATSIM, netiweki ina yolankhulana ndi oongolera ndege pa simuleta, poti ndi yaulere. Ndayankha mmodzimmodzi mpaka pakamwa pauma, ndiye ndangoti ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha.

Kwa amene simukuidziwa, PilotEdge ndi sevisi ya ku America, inayamba 2011, umailumikiza ku simuleta yako kaya ndi X-Plane kaya Microsoft Flight Simulator kaya Prepar3D, ndiye ukatchuna wailesi ya m'ndege mwakomo pa frequency yoyenera amakuyankha munthu weniweni, controller, uja amaongolera ndege ali pansi. Si loboti ayi, munthu wopuma. Palibe zotaipa uthenga, zonse ndi pakamwa, ndipo frequency ukalakwitsa palibe amene akuyankhe ngati mmene zimakhalira kumwambako. Dera lawo lenileni ndi la Los Angeles Center, kumene kuli ma eyapoti ngati Los Angeles, San Diego, Burbank, Van Nuys, John Wayne ya ku Santa Ana mpaka Las Vegas, kenako anawonjezera mbali ina ya kumadzulo kwa America imene umalipira padera. Amatsegula 8 koloko m'mawa mpaka 11 koloko usiku nthawi ya ku California tsiku lililonse, kuno kwathu imeneyo ndi 5 koloko madzulo mpaka 8 koloko m'mawa, ndipo iwo akabweza mawotchi awo mu November zimasuntha ndi ola limodzi kukhala 6 koloko madzulo mpaka 9 m'mawa. Kwa ife oweruka 5 koloko nde zinangokhala ngati anatipangira dala, ukafika kunyumba kusamba kudya nsima controller ali kale pampando.

Koma chimene ndikufuna kukamba kwambiri si mawotchi, ndi chinthu chimodzi chimene sevisiyi inandikhomerera m'mutu, chimene ndinali nditawerenga kambirimbiri koma osachimva. Controller akakupatsa clearance yatsopano, ndiye kuti chilolezo chonena njira kapena altitude yoti utsate, zija anakuuza poyamba zija kapena zija zalembedwa pa chati zimathera pati? Zimafa zonse? Zimatsala zonse? Yankho lake ndi lakuti zina zimafa zina zimatsala, ndipo kudziwa kuti yafa ndi iti yatsala ndi iti ndiye ntchito yonse.

Manyazi oyamba anali sabata yachiwiri. Ndinali pa 737, ndanyamuka pa SID, imene ndi njira yonyamukira yojambulidwa kale pa chati, ili ndi ma fix ake, malo okhala ndi mayina amene ndege imadutsa, ndipo pa ma fix ena alembapo kuti apa udutse usanapitirire mafiti akutiakuti, apa sipidi isapose yakutiyakuti. Pansi pomwe anandipatsa "climb via SID", kutanthauza kuti kwera potsatira zonse zalembedwa pa chatipo mpaka top altitude yake. Zonse zinali mu FMC, kompyuta ya m'ndege yosunga njira, VNAV ija imakweza ndi kutsitsa ndege yokha potsatira chati yayaka, ine ndikudzimva kaputeni. Nditangosinthira kwa departure, controller wa ndege zongonyamuka kumene, anandiuza "climb and maintain one five thousand", ndabwereza bwinobwino ndi mawu onenepa, ndapotokola 15,000 pa MCP, panelo ya autopilot, basi n'kukhala. Ndege inakwera pang'ono kenako n'kuima pa altitude ija ya pa chati chifukwa VNAV inali kudikira kuti tidutse kaye fix ija. Ine ndikuona zili bho, sinanga chati ikutero. Patapita kanthawi controller anandifunsa ngati ndikukweradi kupita 15,000, ine ndi mtima wonse ndati eya tikwera tikadutsa restriction. Anandiyankha modekha, osakalipa, kuti restriction imeneyo inafa pamene anandipatsa altitude yatsopano, ndikwere pompano. Ndipo kumbukirani kuti pa frequency pamakhala anthu ena akumva, ena mwa iwo ma pailoti enieni amene akuyeserera mayeso awo. Thukuta linatuluka ine ndili ndekha m'chipinda ku Lilongwe.

Lamulo lake lili mu AIM, buku la malangizo a ma pailoti la FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, gawo 4-4-10, ndipo ndinali nditaliwerenga, ndicho chimandipweteka. Mfundo yake ndi yakuti clearance yomaliza ndiyo ili ndi mphamvu kuposa yakale. Controller akasintha altitude yoti usunge, olo angoibwereza yomweyo imene unali nayo kale, koma osatchulanso ma restriction a altitude akale aja, ndiye kuti afafanizidwa, kuphatikizapo aja a pa SID ndi pa STAR, imene ndi njira yobwera kudzatera yojambulidwa kale pa chati. Akawafunabe ndi ntchito yake kuwatchulanso. Apa pa kubwereza m'pamene ambiri timagwa, chifukwa umaganiza kuti poti nambala sinasinthe ndiye palibe chasintha, pamene mawu akuti "climb and maintain" pawokha afufuta kale masitepe onse apakati, ma restriction a altitude aja. Ukaganiza bwino zili ndi nzeru yake, masitepe ajatu nthawi zambiri amaikidwa kuti ndege zonyamuka zidutse pansi pa ndege zobwera kudzatera, ndiye munthu amene akuyang'ana radar akaona kuti pamwamba pako palibe kanthu amafuna uchokepo msanga, osati uzikwawa pansi kumutsekera njira ya ndege ina imene ikunyamuka kumbuyo kwako.

Zimakhalanso chimodzimodzi ndi restriction imene controller wakuuza yekha pakamwa. Akati udutse fix yakuti pa 11,000, kenako patsogolo akuti "descend and maintain niner thousand" osatchulanso fix ija, ndiye kuti za 11,000 zija zapita. Akazifuna anena zonse pamodzi mu clearance yatsopanoyo.

Ndiye poti ndine munthu wophunzira msanga molakwika, manyazi achiwiri anabwera masiku anayi okha kutsogolo. SID yomweyo, clearance yomweyo, "climb and maintain", ine ndati lero sundipezanso. Ndalowa pa LEGS page ya FMC, pamene pali mndandanda wa ma fix, n'kufufuta restriction ija ndi batani la DEL. Amene mumaidziwa FMC ya Boeing mukudziwa kuti sipidi ndi altitude zimakhala pa mzere umodzi, ukafufuta mzerewo zapita zonse ziwiri. Ndege inanyamuka ngati minibasi ya pa M1 yoona kuti apolisi achoka pa rodibuloko. Controller uja, sindikudziwa ngati anali yemwe uja, anangondiuza kuti nditchule sipidi yanga, nditatchula anandikumbutsa kuti sipidi yolembedwa pa chati ikadali yamoyo. Altitude yatsopano imapha ma restriction a altitude okha basi, sipidi za pa SID kapena pa STAR sizikhudzidwa, zimafuna mawu akeake kuti zife, "delete speed restrictions". Usanamve mawu amenewo uzisunga. Chifukwa chake ndikuchiona chonchi, sipidi ndiyo imasunga mpata pakati pa ndege zotsatizana pa njira imodzi komanso imapangitsa kuti pokhota ndege isatuluke kunja kwa njira, ndiye kukwera kwako msanga sikuchotsa mavuto awiri amenewa.

Kuyambira tsiku limenelo ndikamva altitude yatsopano ndimayamba ndayang'ana mzere wa pa LEGS kuti kodi pali sipidi pamenepa, ngati ilipo ndimaigwira pamanja pa MCP mpaka titadutsa fix. Ka chizolowezi kakang'ono koma sindikanakapeza ndikuuluka ndekhandekha, paja controller wa loboti wa mu simuleta uja sakufunsa kanthu olo udutse pa 340 knots.

Nkhani ya sipidiyi ndi imene ili ndi timakona tambiri, ndipo ndi pamene ndinaona kuti ndalama yanga ikugwira ntchito chifukwa ma controller awa amagwiritsa mawu enieni a m'buku, sangonena za m'mutu mwawo. Pali sipidi ya mitundu itatu imene ine poyamba ndinkaiphatikiza mumphika umodzi. Ilipo ya pa chati, ilipo imene controller wakupatsa pakamwa, ndiye ilipo ya lamulo la dziko. Ya pakamwa ija, tinene "maintain two eight zero knots", imakhala nawe olo akusinthe altitude, olo akutumize kwa controller wina, mpaka wina aithetse, ndipo ukafika pa frequency yatsopano ndi bwino kuitchula kuti nayenso adziwe. Amayembekezera kuti uisunge osaphonya ndi 10 knots uku kapena uku, sipidi ikamayezedwa mu Mach, poyerekeza ndi liwiro la mawu, ndi 0.02. Akati "resume normal speed" wachotsa yake ija yokha, za pa chati zimene zili kutsogolo sanazikhudze. Akati "resume published speed" ndiye kuti siya yanga ija ubwerere ku za pa chati. "Delete speed restrictions" ndiye imachotsa ya pakamwa ndi ya pa chati yomwe. Koma ya lamulo ija, 250 knots pansi pa mafiti 10,000 imene ili mu 14 CFR 91.117, imeneyo ku America controller alibe mphamvu yoichotsa, ndiye olo umve delete usasangalale n'kukankha ma throttle uli pa 7,000. Izi mukaziwerenga apa zikuoneka zophweka, koma zikamabwera m'khutu uku ukutsitsa ma flap uku ukusaka frequency, mutu umaima.

Potsika napo ndi nyimbo yomweyo kungoti yatembenuka. Ukapatsidwa STAR chabe popanda mawu ena, wapatsidwa njira ndi sipidi zake, altitude ayi, ukhale pomwe uli mpaka akuuze. "Descend via" ndiye amakumasula kuti utsike wekha potsatira masitepe a pa chati mpaka bottom altitude. Mawu awiriwa, climb via ndi descend via, momwe akugwirira ntchito lero FAA inawakhazikitsa bwino mu April 2014, climb via inali yatsopano nthawi imeneyo pamene descend via inalipo kale. Ndiye uli pakati pa descend via controller akati "descend and maintain one zero thousand", masitepe a altitude afa, tsika molunjika, njira isunge, sipidi za pa chati zisunge. Koma akati "descend via" kenako "except maintain one two thousand", masitepe onse ali moyo kungoti ukaime pa 12,000. Kusiyana kwake ndi timawu tiwiri koma ndege imakhala malo osiyana ndi mafiti masauzande. China chimene chinandidabwitsa, ngati anakupatsa sipidi pakamwa kenako n'kukupatsa descend via osaibwereza sipidiyo, ya pakamwa ija yafa wabwerera ku za pa chati. Ndiye onani mmene zilili, "descend and maintain" imapha altitude n'kusiya sipidi, "descend via" imadzutsa chati yonse n'kupha sipidi ya pakamwa. Ndinachita kulemba pa kapepala n'kumata pa monita, mayi a kunyumba anafunsa ngati ndi mavesi.

Akakuchotsa pa njira ndi heading, mbali yoti uloze, imene amati vector, ndiye kuti chati waisiya kaye pambali ndipo controller akuyenera kukupatsa altitude yoti usunge. Usiku wina ndinapatsidwa heading ndili pa descend via ndipo sindinamve bwino ngati altitude anaitchula, netiweki yanga inadula mawu pakati. Kale ndikanangokhala chete kuopa kuoneka mbuli, koma apa ndinafunsa, anabwereza, nkhani inathera pomwepo, masekondi asanu. Safunsa anadya phula, ndipo pa frequency palibe amene amakuseka chifukwa chofunsa, amene amaonekera ndi uja wangoganiza yekha n'kutsika.

Pali ka ngodya kena kamene sindinakumane nako ndekha koma ndi kofunika, ma restriction a pa ODP, njira yonyamukira imene cholinga chake ndi kukuzembetsa mapiri ndi zinthu zazitali, amenewo controller sangawafufute kapena kuwasintha. Phiri silimva clearance.

Approach clearance, chilolezo choyamba njira yomaliza yokatera, nayo ili ndi khalidwe lake. Ukamva "cleared ILS approach", sipidi iliyonse imene anakupatsa pakamwa yatha pokhapokha aibwereze, nchifukwa chake mumamva akuwonjezera kuti sunga 170 knots mpaka fix yakuti, akudziwa kuti akapanda kutero uyamba kuchepetsa wekha ndipo wakumbuyo akukwera pamsana. Koma mawu omwewo sakukupatsa ufulu wotsika mmene ukufunira, altitude yomaliza imene unapatsidwa uisunge mpaka utalowa pa gawo la njira lolembedwa pa chati. Lamulo limeneli linalembedwa ndi magazi. Pa 1 December 1974 ndege ya TWA, Flight 514, Boeing 727, ikupita kukatera ku Dulles pafupi ndi Washington inauzidwa kuti yaloledwa approach, oyendetsa anamva ngati aloledwa kutsika mpaka mafiti 1,800 nthawi yomweyo, controller naye ankaganiza kuti asunga okha ma altitude a pa chati, ndege inagunda phiri ku Virginia anthu onse 92 n'kufa. Panalibe injini yofa, kunali kusamvana pa tanthauzo la clearance basi. Ngozi imeneyi ndi imene inathandiza kuti mu 1976 kuyambike ASRS, kumene ma pailoti ndi ma controller amakanena zolakwa zawo ku NASA mosaopa. Ndikakumbukira zimenezi ndimasiya kuona ngati controller wa pa PilotEdge akuchulutsa zinthu akamandikonza pa kamawu kamodzi.

Tsono mbali imene anzanga akuno muyenera kuimvetsa musanatulutse khadi. Zonse ndafotokozazi ndi za ku America. PilotEdge imaphunzitsa FAA, ndipo imaphunzitsa bwino moti zimakulowa m'magazi, koma ife tikadzapita kukaphunzira ku Joni kapena kudzauluka pa Kamuzu ndi pa Chileka tili m'dziko la ICAO, bungwe la maiko onse loika miyezo ya kayendedwe ka ndege, ndipo pa nkhani yomweyi ICAO imayenda mosiyana. Mfundo ya ICAO mu buku lake la Doc 4444 ndi yakuti ma restriction olembedwa pa SID ndi pa STAR amakhalabe amoyo mpaka controller atawafufuta ndi mawu omveka. Kuyambira pa 10 November 2016 anaika mawu ake, "climb via SID to" kenako level, ndiye kuti altitude yoti ukafike, apa level amaitchula nthawi zonse pamene ku America amangoti climb via SID poti top altitude ili pa chati. Akafuna kuchotsa masitepe amati "cancel level restrictions", akafuna kuchotsa sipidi amati "cancel speed restrictions", akafuna kuchotsa zonse ziwiri amati "climb unrestricted". Ndiye taganizani munthu wazolowera kuti ndikangomva altitude yatsopano masitepe afa, wafika kumene masitepe safa okha, wakwera molunjika kudutsa level imene pamwamba pake pakudutsa ndege ina. Chizolowezi chimene chinandipulumutsa ku Los Angeles chikhoza kundipachika kwina. Komanso maiko sanatengere mawu a 2016 aja tsiku limodzi, ena ali ndi kachitidwe kawokawo, ku Britain mwachitsanzo mumamva "climb now" akafuna ukwere osadikira masitepe a SID. Dziko lililonse limalemba mu AIP yake, buku la dzikolo la zidziwitso za ndege, gawo GEN 1.7, pamene likusiyana ndi ICAO, ndipo ndaphunzira kutsegula pamenepo ndisanauluke dziko lachilendo olo pa kompyuta pomwe.

Ichi sindikuchiwerengera ngati cholakwa cha sevisiyi, iwo sananamize munthu, amanena poyera kuti dera lawo ndi liti. Kungoti amene akuigula ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka adziwe kuti akugula chiyani. Ukugula khutu, kulimba mtima pa wailesi, ndi chizolowezi chodzifunsa pa clearance iliyonse kuti chafa n'chiyani chatsala n'chiyani. Funso limenelo limagwira ntchito kulikonse, mayankho ake ndi amene amasintha ukawoloka malire.

Poyerekeza ndi VATSIM, imene ndimaikondabe ndipo sindinaisiye, kusiyana kwake ndi kotere. VATSIM ilipo kuyambira 2001, ndi yaulere, ndi ya dziko lonse, ukhoza kunyamuka FAOR, eyapoti ya ku Joni, kubwera FWKI, pa Kamuzu, ngati ndege ya Malawi Airlines ndipo ukapeza controller wa kuno akupatsa mawu a ICAO amene tikuwafunawo. Koma ma controller ake ndi ongodzipereka, amalowa akapeza mpata, ndiye kuti upeze dera lonse lili ndi anthu umayenera kuyang'ana nthawi kapena kudikira tsiku la event. Pa PilotEdge ma controller amalipidwa, nthawi yawo ikakwana alipo basi, kuyambira clearance, ground, tower, departure mpaka center, Lolemba kaya Lamulungu. Kwa munthu amene akufuna kubwereza SID imodzi kasanu usiku umodzi mpaka ailowetse m'mutu, kudalirika kumeneko ndiye katundu amene akugulitsa. Chimodzi chimene chimaseketsa poyamba, munthu mmodzi amagwira mipando ingapo, ndiye ground akukutumiza kwa tower ukapeza mawu omwe aja, tower akukutumiza kwa departure omwe aja, masiku awiri oyamba ndinkafuna kuwapatsa moni kuti takumananso bwana. Umazolowera. Ndege za anthu pa netiweki sizichuluka ngati pa event ya VATSIM, usiku wina umakhala ngati eyapoti yonse ndi yako.

Alinso ndi timayeso tawo, ma CAT rating a VFR, kuuluka ukuyang'ana panja, ndi ma I rating a IFR, kuuluka podalira zipangizo za m'ndege, umauluka ulendo umene akonza, controller amakuyang'ana n'kukuuza ngati wakhoza kapena ubwereze. Si laisensi, sungapite nayo kulikonse, koma imakupatsa dongosolo m'malo mongouluka chisawawa. Ine ndinayamba ndi jeti chifukwa cha matama, ndikanadziwa ndikanayamba ndi ka Cessna 172 n'kukwera masitepe amenewa mwadongosolo, chifukwa pa 110 knots umakhala ndi nthawi yoganiza chimene wauzidwa, pa 737 ukamamaliza kuganiza fix yadutsa kale. China chimene ndinachikonda, mawu a pa frequency amajambulidwa ndipo ukhoza kukawamveranso pa webusaiti yawo. Kudzimvera wekha ukubwebweta ndi mankhwala owawa koma amachiza, m'pamene ndinazindikira kuti tsiku loyamba lija ndinabwereza "climb and maintain" bwinobwino ngati chinkhwe osamva chimene ndikunena.

Chingerezi chawo n'chothamanga, tisanamizane. Ife tinazolowera Chingerezi cha kusukulu chotchula chilembo chilichonse, awa amameza theka la mawu, ndipo mayina a ma fix ndi zilembo zisanu zosamveka ngati dzina. Sabata yoyamba "say again" inali nyimbo yanga. Chimene chinandithandiza ndi kuwerenga chati ndisanayatse injini, kutchula dzina la fix iliyonse mokweza, kuti likamabwera m'khutu lisakhale lachilendo. Katchulidwe kanga ka Chichewa palibe anadandaula nako, bola manambala uwatchule momveka.

Za ndalama. Nthawi imene ndinkalembetsa dera limodzi linali cha m'ma madola 20 pamwezi, madera onse awiri kupitirira 30, ndipo pali nthawi yoyeserera yaulere poyamba, mukaone nokha mtengo wa lero. Madola 20 kwa munthu wa ku California ndi chakudya cha masana, kwa ife ukawasintha kukhala makwacha ndi nkhani yokambirana ndi apabanja, osanenanso za kuvuta kwa forex, mwezi wina khadi langa linakana kulipira kunja ndinachita kupempha mlamu wanga wa ku Joni kuti andilipirire ine n'kumubwezera kuno. Dera la Los Angeles lokha ndi lokwanira, musadzivute ndi lachiwirilo, ma SID ndi ma STAR a pamenepo okha akhoza kukudyerani chaka. Bandulo siidya kwambiri poti ndi mawu chabe, chimene chimafunika ndi netiweki yosadukaduka, ndipo magetsi akathima uli pa final, pafupi kutera, ndiye basi ndege yako yangosowa pa radar ya munthu, ndinagula ka UPS chifukwa cha zimenezi nditasowa kawiri sabata imodzi.

Ndiye kodi ndi ya ndani? Ngati mumangofuna kuona Mulanje kuchokera kumwamba ndi kujambula ma screenshot, sungani ndalama zanu, simuleta yokha ikukwanirani. Ngati mukuopa wailesi, kapena mukukonzekera instrument rating, chilolezo chouluka pa IFR, kapena muli ndi maganizo okaphunzira ku America kwenikweniko, lipirani, ndipo kwa womaliza uyu palibenso zokambirana. Kwa ife a ICAO ndinganene kuti miyezi iwiri kapena itatu yolimbikira, usiku unayi pa sabata, kenako imitsani mubwerere pa VATSIM kumadera a kuno mukachapenso m'kamwa ndi mawu a Doc 4444. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, yachisanuyo ndaisunga chifukwa cha madola komanso poti kumwamba kwake si kwathu.

Ine ndaimitsa kumapeto kwa mwezi wathawu. Loweruka ndinanyamuka Johannesburg pa VATSIM, controller anandipatsa level yatsopano ndili pakati pa SID, chala chinapita chokha pa DEL, ndinachigwira m'malere n'kufunsa kaye ngati ma restriction akadalipo. Kapepala kaja pa monita tsopano kali ndi mizere iwiri, wina FAA wina ICAO, ndipo ndikuganiza zodzalembetsanso mwezi umodzi chaka chamawa kuti ndimalize ma I rating amene ndinawasiyira panjira.